Mlhomwe Weniweni Ndi Uti?

Mawu oyankhulidwa kwa mafumu, aphunzitsi, makolo ndi achinyamata a ku Mulanje

  Nkhani ya lero ikukhudza inu achinyamata kuposa wina aliyense, choncho tcherani khutu.

Tikamakamba za tsankho, maganizo athu amathamangira kwa mzungu ndi munthu wakuda, kwa bwana wa pa esiteti ndi wothyola tiyi. Nkhani imeneyo ndi yoona, ndipo sitidzaleka kuifotokoza. Koma lero ndikufuna tifunsane za zimene ife akhungu limodzi timachitirana tokhatokha. Timapatsana maina onyoza. Timaweruza munthu tisanamudziwe, pongomva kumene amachokera. Ndipo tikafuna kuti wina akhale wathu, timamuikira malamulo a kayankhulidwe, kavalidwe, ngakhale kavotedwe, n'kumuuza kuti akapanda kuwatsata ndiye kuti si mnzathu weniweni. Kuno ku Mulanje sitifunika kukabwereka chitsanzo kutali. Mbiri ya Alhomwe ili ndi phunziro lonse.

Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire, ndipo mtsinje wa Ruo anausandutsa mzere wolekanitsa maiko awiri. Anthu a kutsidya ndi a kuno ankayenderana ndi kukwatirana kalekale mzerewo usanalembedwe. Chaka chomwecho Henry Brown anabzala tiyi kuno ku Mulanje. Zinthu ziwirizi, malire ndi tiyi, ndizo zinaumba moyo wa agogo athu. Kutsidya, m'madera ozungulira phiri la Namuli, Apwitikizi ndi makampani amene anagawiridwa dziko anabweretsa nkhondo, msonkho wolemetsa, ntchito yokakamiza ndi mbalamatodya. Njala nayo inkabwera mobwerezabwereza. Kuno azungu anali atatenga malo aakulu koma analibe anthu okwanira owalimira. Motero kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anthu anayamba kuwoloka, mabanja athunthu, atasenza miphika ndi mbewu, ana ali kumsana. Kalembera wa 1921 anapeza anthu otere pafupifupi 120,000 m'dziko la Nyasaland. Pofika 1945 anali pafupifupi 380,000.

Anthuwa sanali gulu limodzi. Panali Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola, Amarenje, Alikhuku ndi ena, aliyense ndi kwawo, ndi kayankhulidwe kake, ndi akuluakulu ake. Atafika kuno onsewo anaponyedwa m'dengu limodzi n'kumatchedwa Anguru. Munthu wobwera analibe munda. Njira zinali ziwiri: kukhala pa esiteti n'kumalipira malo ndi thukuta lake, zimene tonse timazidziwa kuti thangata, kapena kukapempha malo kwa mfumu ya Chiyao kapena ya Chimang'anja n'kukhala pansi pake. Kudandaula kunali koopsa, chifukwa wothamangitsidwa pa esiteti ankayang'anizana ndi ulendo wobwerera kwa Apwitikizi. Choncho ankalandira ntchito imene ena ankaikana, pa malipiro amene ena ankawakana.

Apa ndi pamene chipongwe chinabadwira. Anthu anaona umphawi wa obwerawo n'kunena kuti ndi chibadwa chawo. Munthu wofika ndi nsanza atayenda masiku ambiri m'tchire ankatchedwa wauve. Wosamva Chinyanja ankatchedwa mbuli. Mphini ndi mano osema, zimene kwawo zinali zokongoletsa munthu, kuno zinasanduka chizindikiro cha kutsalira. Mawu oti Anguru amadya njoka anafala mpaka ana a sukulu ankanyozana nawo. Taganizirani za kalongonda. Nyemba imeneyi ili ndi poizoni, ndipo kuti idyedwe pamafunika munthu wodziwa kuiphika nthawi yaitali ndi kutaya madzi ake. Nzeru imeneyi inapulumutsa mabanja pa njala, koma anansi anaitenga ngati chosekera.

Ndikufuna achinyamata mumvetse chinthu chimodzi: chipongwe cha mtundu chimakhala ndi wina amene akudyerapo. Mwini esiteti ankapindula, chifukwa munthu wonyozeka salimba mtima kufunsa za malipiro. Boma la atsamunda linkapindula, chifukwa linali litasanja mitundu m'mizere: awa ndi oyenera usilikali, upolisi ndi ukapitawo, awa ndi a khasu basi. Ufumu wovomerezeka ndi boma unapita makamaka kwa Ayao ndi Amang'anja, ngakhale m'madera amene Alhomwe anali atachuluka kale. Ndipo mnansi wosauka, amene nayenso malo ake anali atalandidwa, anapezako kachitonthozo kakuti pali wina amene ali pansi pake. Mzungu anayala maziko, koma amene ankatchula dzinalo tsiku ndi tsiku, pa msika, pa chitsime ndi m'kalasi, anali anthu akuda anzathu. Apa ndi popweteka, ndipo tisapalambalale.

Mu Januwale 1915 John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu anaukira atsamunda. Ambiri mwa omutsatira anali Alhomwe amene thangata linawafika pakhosi pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene William Jervis Livingstone anaphedwa. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale m'dera lathu lino la Mulanje, akuthawira cha kumalire. Lero nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo pa 15 Januwale dziko lonse limapuma pomukumbukira. Koma masiku amenewo anthu amene anaima naye anangoonjezeredwa dzina lina: oukira, osadalirika, oyenera kuyang'aniridwa.

Agogo athu anayankha m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya Lewis Mataka Bandawe. Iyeyu anabadwira ku Mozambique, anaphunzira ku Blantyre Mission, anabwerera kukagwira ntchito ya mishoni ku Mihecani, anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, ndipo pambuyo pake anakhala womasulira ku khoti lalikulu ku Blantyre. Mu 1943 iye ndi anzake anakhazikitsa bungwe loimira Alhomwe, ndipo anakakamiza boma mpaka linasiya kulemba mawu oti Anguru m'makalata ake n'kuyamba kulemba kuti Alomwe. Anthu amene ankauzidwa dzina lawo ndi ena anaimirira n'kunena kuti dzina tidzitchula tokha.

Njira yachiwiri ndi imene ambiri anatenga, njira yobisala. Si aliyense anali ndi sukulu ya Bandawe kapena ntchito ya ku khoti. Mayi wa pa esiteti amene mwana wake ankabwera kuchokera ku sukulu akulira anachita zimene akanatha: analeka kumuyankhula m'Chilhomwe. Mnyamata wofuna ntchito ku Limbe ankati ndi Mnyanja kapena Myao. Ambiri mwa ife, inenso ndili momwemo, tinakula tikumva anganga akucheza ndi okalamba anzawo m'chiyankhulo chimene sitinkachimva, ndipo mwana akangotulukira ankatembenukira ku Chinyanja. Sindikuwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Chinali chikondi. Ankafuna kuti ife tiyende m'dziko lino popanda kulozedwa chala.

Ufulu utabwera mu 1964, kupanikizako kunangosintha chovala. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unalamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi. Pa wailesi ndi m'sukulu ziyankhulo zina zinatsekeredwa kunja, ndipo Chitumbuka, chimene chinkamveka pa wailesi, chinachotsedwa. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Chilhomwe chinayamba kumveka pa nkhani za wailesi ya MBC mu 1996. Zotsatira zake zikuoneka m'makalembera. Mu 1966 anthu 14.5 mwa 100 alionse ankayankhula Chilhomwe pakhomo. Mu 1998 anali atatsala 2.4 mwa 100. Koma mu 2018, atafunsidwa za mtundu wawo, anthu 18.9 mwa 100 anati ndi Alhomwe, kutanthauza anthu oposa 3 miliyoni, mtundu wachiwiri pa kuchuluka m'Malawi. Anthu sanathe, chimene chinatha ndi mawu awo. Palibe amene anawaletsa ndi chikwapu kuyankhula m'nyumba zawo. Manyazi ndiwo anagwira ntchitoyo.

Ndiye mukumvetsa chifukwa chake misozi inagwa pa Chonde mu Okutobala 2008, pamene bungwe la chikhalidwe la Mulhako wa Alhomwe linakhazikitsidwa motsogozedwa ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Okalamba amene anabisa dzina lawo moyo wawo wonse anaona khamu la anthu likufuula kuti Alhomwe noophiya, kutanthauza kuti Alhomwe tafika, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa dziko lonse. Mu 2014 bungwe la UNESCO linaika gule wa tchopa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse lapansi. Gule amene ena ankamuona ngati wa anthu otsalira analowa m'kaundula momwe muli Gule Wamkulu wa Achewa ndi Vimbuza wa Atumbuka. Achewa ali ndi Kulamba ku Mkaika, Angoni ali ndi Umthetho ku Hora ndi Umhlangano ku Ntcheu, Atumbuka ali ndi Gonapamuhanya ku Bolero. Kuti Alhomwe nawonso akhale ndi tsiku lawo n'chinthu choyenera, ndipo ndimachinyadira ndi mtima wonse.

Tsopano ndafika pa chimene ndabwerera. Dzanja limene linakakamiza agogo kubisa Ulhomwe wawo silinafe. Likugwirabe ntchito, ndipo nthawi zina ndi dzanja lathu lomwe. Dzulo munthu ankauzidwa kuti bisa chimene uli kuti tikulandire. Lero akuuzidwa kuti tsimikiza chimene uli kuti tikulandire. M'njira zonse ziwiri, wina ndiye akugwira muyeso, ndipo mwini moyo akungodikira chigamulo. Ndikuona kupanikiza kumeneku m'malo atatu.

Poyamba ndi pa chiyankhulo. Mtsikana wobadwira ku Ndirande amabwera kumudzi ali ndi chidwi chofuna kudziwa kwawo. Wina amamupatsa moni m'Chilhomwe, iye n'kusowa choyankha, ndipo anthu amaseka: "Iwe ndiye Mlhomwe wanji wosadziwa ndi moni womwe?" Mtsikanayo sabweranso. Tadzifunsani, ndani anamumana chiyankhulocho? Iye sanachitaye. Chinatayika asanabadwe, pa zifukwa zimene ndafotokozazi. Kumuseka ndi kulanga mdzukulu chifukwa cha bala la agogo ake. Onani Angoni. A ku Ntcheu amayankhula Chichewa, a ku Mzimba amayankhula Chitumbuka, ndipo odziwa Chingoni chenicheni ndi ochepa kwambiri. Koma palibe amene amaima pa Umhlangano n'kumayesa anthu mayeso asanawalole kuvina ngoma. Chiyankhulo ndi chuma choti tichifunefune ndi kuchiphunzitsa, ndipo munthu sungamuphunzitse utayamba wamuchititsa manyazi.

Kachiwiri ndi pa ndale. Nyuzipepala zimatcha maboma a Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu kuti Lhomwe Belt, ngati kuti aliyense wobadwira kuno voti yake inalembedwa kale ali m'mimba. Kunja, munthu wa kuno akapeza ntchito ndi mapepala ake, ena amanong'ona kuti anamulemba chifukwa cha mtundu, ndipo boma likasintha amayamba kumukayikira. Kumudzi, yemweyo akasankha chipani china kapena akadzudzula mtsogoleri wa kwawo, amamva kuti wagulitsa mtundu. Amapanikizidwa uku ndi uku. Ndinene mosabisa: kukondera pa ntchito za boma ndi kuba, kaya wokonderayo ndi Mlhomwe, Mchewa, Myao kapena Mtumbuka, ndipo mawu oti ino ndi nthawi yathu awononga dziko lino pansi pa maboma osiyanasiyana. Komanso tafunsani mayi amene amalawirira m'bandakucha ndi dengu kumsana kukathyola tiyi, kapena mnyamata amene akugawana kamunda kamodzi ndi abale ake asanu, ngati nthawi yathuyo inafikapo pakhomo pake. Vuto la malo limene agogo athu analipeza pansi pa thangata lidakali pompano. Munthu amene amafunsa atsogoleri a mtundu wake mafunso ovuta ndiye akuukonda mtunduwo, ndipo Chilembwe ndi Bandawe timawakumbukira chifukwa anakana kungovomera.

Kachitatu ndi pa maina onyoza amene tayamba kuwavala ngati ulemu. Chaka chilichonse mwambo wa pa Chonde ukayandikira, nkhani imene imadzaza pa wailesi ndi pa Facebook ndi ya muzu wa gondolosi, ndi nthabwala za zimene amuna ndi akazi a Chilhomwe amati amadziwa kuchipinda. Ambiri timaseka nawo, timati akutitama. Koma amene amasenza mtolo wa nthabwala zimenezi ndi mwana wamkazi wa kuno akapita ku koleji kapena ku ntchito ku Lilongwe, pamene amuna amamuyankhula mopanda ulemu atangomva kuti kwawo ndi ku Mulanje. M'boma limene atsikana ambiri akusiyira sukulu panjira chifukwa cha mimba ndi maukwati a ana, sitingaone nkhani imeneyi mopepuka. Mtundu wa anthu amene anadula nkhalango, anakweza ulimi wa tiyi, anadzaza mipingo ndi sukulu, sungafotokozedwe ndi muzu umodzi. Chithunzi chopapatiza chimamanga munthu ngakhale chikhale chokometsera.

Ndipo tisaiwale kuti ifenso tili ndi maina amene timapatsa ena. Myao timamutcha Mchawa n'kumati sukulu siimuyanja. Wa kumpoto timamutcha mbwenumbwenu n'kumati amakondera akwawo. Msena timamuseka kayankhulidwe. Munthu wowoloka pa Muloza kuchokera ku Milange kudzagulitsa chimanga kapena kudzafuna chipatala, timamuyang'ana ndi diso lomwe lija limene agogo athu anayang'anidwa nalo, chikhalirecho mwina ndi mdzukulu wa mchemwali wa anganga athu amene anatsala kutsidya.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Meyi 2008 ku South Africa magulu a anthu akuda anaukira anthu akuda anzawo ochokera kumaiko ena, ndipo anthu 62 anaphedwa. Amalawi ambiri anathawa n'kusiya katundu yense, ndipo mu 2015 zinabwerezanso mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu. Kodi ankamuzindikira bwanji mlendo? Ankayang'ana kuda kwa khungu, ndipo ankamuimitsa munthu n'kumufunsa kuti atchule chigongono m'Chizulu. Wolephera ankamenyedwa. Mwa anthu 62 aja, 21 anali nzika za South Africa momwemo, zimene zinaoneka ngati alendo m'maso mwa anzawo. Pamenepo panalibe wofunsa ngati ndiwe Mlhomwe, Mchewa kapena Mtonga. Onse anali makwerekwere. Mayeso a chiyankhulo amene ife timachita moseka pa bwalo la kumudzi ndi amtundu womwewo, kungoti ife sitinafike nawo pa chikwanje.

Matenda amenewa anzathu akuda a kumaiko ena anawalemba kalekale. Frantz Fanon, dokotala wa ku Martinique, m'buku lake la 1952 anafotokoza mmene munthu wolamulidwa ndi atsamunda amafikira podziyeza ndi maso a womulamulirayo, mpaka kunyansidwa ndi khungu lake ndi chiyankhulo cha amake. Ku America, mu 1986, Signithia Fordham ndi John Ogbu analemba za ophunzira akuda a ku Washington amene ankaopa kuonetsa khama m'kalasi kuti anzawo angawanene kuti akudziyesa azungu. Akatswiri ena anatsutsa kukula kwa vutolo, koma ife mawu amenewa timawadziwa. Mwana wa pa sekondale ya kumudzi akamayesetsa kuyankhula Chingerezi amamva kuti akudzimva uzungu. Akapita m'tauni n'kuyankhula Chichewa cha kuno amamva kuti ndi wa kumudzi. Mtsikana wakuda bii amamva kuyambira ali wamng'ono kuti woyera ndiye wokongola, mpaka amayamba kudzola mafuta oyeretsa khungu amene amamuwononga nkhope. Mwana wa khungu loyererako, amene agogo ake ena anali mzungu wa pa esiteti kapena mmwenye wa sitolo, amakula akutchedwa mkaladi, osalandiridwa kwenikweni uku kapena uko. Ndipo abale athu achialubino alipira ndi miyoyo yawo chifukwa cha zimene anthu akuda anzawo amakhulupirira za khungu lawo. Zonsezi muzu wake ndi umodzi: kuona chizindikiro n'kuleka kuona munthu.

Tsono Mlhomwe weniweni ndi uti? Tisanayankhe, tiyang'ane mabanja athu. Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao tonse timatsata kuchikazi, ndipo takhala tikukwatirana kwa zaka zoposa 100. Ndi ochepa muno amene angaimirire n'kunena kuti agogo awo onse anayi anali a mtundu umodzi. Taganizirani mwana amene bambo ake ndi a ku Mulanje ndipo mayi ake ndi a ku Rumphi. Kuno mwambo umati mwana ndi wa kwa mayi, kumpoto umati ndi wa kwa bambo. Tikaumirira malamulo, mwana ameneyu alibe kwawo. Tikatsegula mtima, ali ndi kwawo kuwiri. Phiri lathuli, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe onse amalilemekeza ngati malo a mizimu ya makolo, ndipo palibe mtundu umene unganene kuti ndi lake lokha.

Yankho langa ndi ili. Mlhomwe weniweni ndi nganga wa ku Muloza amene amalota m'Chilhomwe. Ndi mdzukulu wake wa ku Area 25 amene sadziwa liwu ndi limodzi lomwe koma akufuna kudziwa. Ndi wovina tchopa, ndiponso ndi mkhristu kapena msilamu amene chikhulupiriro chake sichimulola kuvina koma amalemekeza ovinawo. Ndi wovotera chipani ichi, ndi wovotera chipani icho. Ndipo munthu amene magazi ake ndi a Chilhomwe koma wasankha kungodzitcha Mmalawi, nayenso sanalakwire munthu. Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 26, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo ndi kutenga mbali pa chikhalidwe chimene iye mwini wasankha, ndipo gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu kapena chiyankhulo. Chimene Bandawe anamenyera mu 1943 chinali ufulu woti munthu adzitchule yekha. Tikaulanda ufulu umenewo kwa ana athu m'dzina la chikhalidwe, ndiye kuti tagwetsa ntchito yake.

Ndili ndi mapempho. Mafumu athu, inu ndinu oyamba kulandira mlendo. Makolo anu ena analandira obwera, ena ndiwo anali obwerawo. Pa bwalo lanu mawu onyoza mtundu wa munthu asamveke popanda kudzudzulidwa, ndipo pogawa malo kapena thandizo musafunse kuti agogo ake anachokera kuti. Mwambo wa chikhalidwe muuteteze kuti usasanduke msonkhano wa chipani, kuti mwana aliyense wa kuno afikepo momasuka, atavala mtundu uliwonse wa nsalu.

Aphunzitsi, mbiri imene ndafotokozayi ana ambiri a ku Mulanje saidziwa. Amadziwa za Chilembwe koma sadziwa kuti ambiri oima naye anali agogo awo. Aphunzitseni za thangata, za Ruo, za Bandawe. Mukamva mwana akutcha mnzake dzina lonyoza mtundu kapena khungu, musangomulanga. Mufotokozereni kumene dzinalo linachokera ndi amene ankadyerapo. Mwana wodziwa zimenezi savutika kulisiya.

Makolo, ana amaphunzira tsankho pa mkeka wa chakudya chamadzulo. Amamva zimene timanena mwana wathu akabweretsa chibwenzi cha mtundu wina. Amamva tikamayamikira khanda kuti latuluka loyera bwino. Tisamale pakamwa pathu.

Inu achinyamata, musalole munthu akuuzeni kuti kukonda sukulu ndi uzungu, kapena kuti kukonda kwanu ndi umbuli. Mungathe kudziwa kompyuta ndi kudziwa tchopa. Mungathe kuyankhula Chingerezi chosalala ndi kupatsa moni anganga m'chiyankhulo chawo. Mnzanu akamayesa kuyankhula Chilhomwe n'kumalakwitsa, mukonzeni mwachikondi, chifukwa akuchita chinthu chimene mibadwo iwiri inachiopa.

Ndipo pali ntchito yofulumira. Okalamba amene amadziwa Chimihavani, Chikokhola ndi Chitakhwani chakuya akutha chaka ndi chaka, ndipo aliyense akamapita amapita ndi nthano, miyambi, maina a mankhwala ndi mbiri ya ulendo wa banja lake. Ambiri mwa inu muli ndi foni zojambula mawu. Pitani kwa anganga anu sabata ino. Afunseni kuti makolo awo anawolokera pati, anafikira kwa mfumu iti, anagwira thangata pa esiteti iti, ndipo n'chifukwa chiyani analeka kuyankhula. Jambulani, sungani, gawanani ndi abale anu a m'tauni ndi a ku Joni. Amene agogo ake ndi Amang'anja kapena Ayao achite chimodzimodzi, chifukwa mbiri ya Mulanje ndi ya onsewa. Mukatero mudzakhala ndi choyankha cholimba kwa aliyense wofuna kukuuzani chimene muli, kaya akuchokera kunja kaya ndi wa pakhomo pomwe.